Nsomba ya maso onse awiri mbali imodzi, ndi yeniyeni kapena andipusitsa?

Chidwi_Chambiri

Abale moni nonse, ndili ndi funso koma musandiseke. Dzulo usiku tulo tinandithawa nde ndimangoona mavidiyo pa foni, kenako ndinapeza ina ya pansi pa nyanja, kamera ikungoonetsa mchenga basi, ine nkumati apa akufuna tione chani. Mwadzidzidzi mchenga uja unangoti vuu kunyamuka, kuona ndi nsomba yophwatalala ngati mbale, yathawa pang'ono nkukatera pena, kudzigwedeza kawiri katatu nkusowanso pompo ine ndikuyang'ana. Chomwe chandisowetsa mtendere ndi nkhope yake. Maso onse awiri ali mbali imodzi, lina pamwamba pang'ono lina mmunsi, pakamwa popotoka ngati munthu woti wamenyedwa khofi lamphamvu. Ndabwereza kanayi konse. Mmunsi mwa vidiyoyo analemba kuti flounder.

Nde funso langa nali, imeneyi ndi nsomba yolumala yomwe anangoipeza mwangozi kapena mtundu wonse uli choncho? Kapena ndi zopanga pa kompyuta poti masiku ano sungadziwe? Ndipo ngati ndi yeniyeni imakhala kuti, imadya bwanji ndi pakamwa potero paja?

Gologolo77

Ndi yeniyeni aise, inenso ndinaionapo pa TV. Nsomba zimenezo zimakhala pansi penipeni pa nyanja kozama kwambiri nde madzi amene ali pamwamba pake ndi olemera, amaikanikiza mpaka kuphwatalala, maso nkukankhidwira pamwamba. Ndi gulu limodzi ndi zija za mchira wautali wobaya zija, ma ray.

Anaphiri_Bio

Achimwene a Gologolo pepani ndikutsutsani pang'ono, mwalondola poti ndi yeniyeni koma zinazo ayi ndithu kkkk.

Poyamba za kulemera kwa madzi. Flounder ndi nsomba ya m'mbali mwa nyanja yamchere, zambiri zimapezeka pamadzi osaya, zina pamadzi ofika m'mawondo enieni, nde palibe chomwe chaikanikiza. Ndipo nsomba yomwe anaijambula kozama kuposa ina iliyonse, pa mamita 8,336 kufupi ndi Japan mu 2022, si yophwatalala ayi, ndi ka snailfish kofewa kooneka ngati mbululu. Pali nkhani yotchuka yoti mu 1960 Jacques Piccard ndi Don Walsh atatsikira ku Challenger Deep, pafupifupi mamita 11,000 pansi, Piccard ananena kuti waona nsomba yophwatalala pawindo la chombo chawo Trieste, koma akatswiri a nsomba ambiri amakana kuti sinali nsomba chifukwa thupi la nsomba silingapirire kuya kumeneko.

Chachiwiri za ma ray. Apa mpomwe pagona nkhani yonse a Chidwi, mukamvetsa apa zina zonse zibwera zokha. Ray ndi m'bale wake wa shaki, ilibe mafupa enieni, ndipo inaphwatalala kuchokera pamsana kupita kumimba, kutanthauza kuti ikagona pamchenga yagonera mimba ngati mmene munthu amagonera chafufumimba. Maso ake ali pamsana, lina kumanja lina kumanzere bwinobwino. Flounder ayi. Flounder ndi nsomba ya mafupa ngati nsomba wamba iliyonse yopyapyala m'mbali, koma yagona chammbali. Chimene inu mukuona ngati msana wake mu vidiyomo si msana, ndi nthiti ya kumanja kapena ya kumanzere. Chimene chagunda mchenga si mimba, ndi nthiti inayo. Zipsepse zazitali zija zazungulira m'mphepete ngati mphonje ndi chipsepse cha pamsana ndi cha kumimba. Tengani nsomba iliyonse muigoneke pa tebulo chammbali, diso limodzi likuyang'anani linalo lili pa thabwa, ndi vuto lomwe nsomba imeneyi inali nalo, ndipo njira yomwe inathetsera vutolo ndi kusamutsa diso.

Ndipo kusamutsako si nthano ya kalekale, kumachitika pa kansomba kalikonse pakokha. Flounder ikamaswa kuchokera m'dzira imakhala kansomba kabwinobwino, koonekera mkati ngati galasi, diso lina uku lina uku, kamasambira choimirira pafupi ndi pamwamba pa madzi nkumadya tizilombo ting'onoting'ono toyandama. Pakapita masabata angapo, kakafika mwina sentimita imodzi kapena kupitirira pang'ono, mahomoni a m'chithokomiro amayambitsa kusintha, omwewo amene amasandutsa mbululu kukhala chule. Tifupa ta m'chigaza timakula mosalingana, mbali ina mofulumira mbali ina mochedwa, nde diso limodzi limayamba kukwera, kudutsa pamwamba pa mutu mpaka kukafika mbali inayo pafupi ndi linzake. Nthawi yomweyo kansombako kamayamba kupendekeka posambira, lero pang'ono mawa kwambiri, mapeto ake kamatsikira pansi nkugona. Kathumba ka mpweya kamene kamathandiza nsomba zina kuyandama, ngati kanalipo, kamafota, poti nsomba yokhala pansi sikafunanso. Mbali ya pamwamba imada nkukhala ndi mawanga, ya pansi imatsala yoyera mbuu.

Nde si yolumala ayi. Pali mitundu yoposa 700 ya nsomba zoterezi, akatswiri amazitcha Pleuronectiformes, muli flounder, plaice, sole, turbot, halibut ndi zina zambirimbiri, kuyambira tating'ono ngati chala mpaka halibut ya ku Atlantic ndi ya ku Pacific zomwe zimapitirira makilogalamu 200.

Chidwi_Chambiri

Eeeh koma ndiye a Anaphiri mwanditsegula mmaso, ndabwereranso ku vidiyo ija ndipo zoona, ukaipendeketsa foni ukuona kuti ndi nsomba wamba yagona chammbali, pakamwa paja sipopotoka kwenikweni, pakutsegukira kumbali poti mutu wonse wagona. Koma diso lake limasamuka ndi liti, lamanja kapena lamanzere? Kapena iliyonse imasankha yokha kkkk

Anaphiri_Bio

Zimatengera banja lake. Plaice, halibut ndi sole ya ku Ulaya maso amakhala kumanja, nde diso lamanzere ndi lomwe limayenda ndipo nsombayo imagonera kumanzere. Turbot ndi ma tonguefish ndi zosiyana, maso kumanzere. Koma pali zina zosamvera malamulo, flounder ya ku Ulaya, Platichthys flesus, zambiri ndi za kumanja koma mumapezeka ndithu zamanzere zochuluka ndipo zimakhala bwinobwino. Yodabwitsa kwambiri ndi starry flounder ya ku Pacific, ku Japan pafupifupi zonse ndi zamanzere koma ku California zili ngati theka ndi theka, mtundu umodzi womwewo.

Pakamwa napo mwati sipopotoka kwenikweni, pa mitundu ina mpopotoka ndithu. Plaice mano ake ambiri ali mbali ya pansi, sole ndiye mano ali mbali ya pansi yokhayokha, poti chakudya chake chili mumchenga nde nsagwada yomwe imagwira ntchito ndi yomwe yayang'ana pansi. Zomwe zimasaka nsomba zinzake ngati turbot ndi halibut zili ndi kukamwa kwakukulu ndi mano mbali zonse.

Mlonda_wa_Mafunde

Ndilowepo pa funso loti imakhala kuti, poti ili ndiye ndinaliponda ndi mapazi anga enieni. Nthawi yomwe ndinali pasukulu ku Ulaya tinapita kangapo ku Wadden Sea kukathandiza kuwerenga tiana ta nsomba, kwa amene simukudziwa ndi gombe lalitali la matope ndi mchenga lomwe layambira ku Netherlands kudutsa Germany mpaka Denmark, mbali ya Netherlands ndi Germany inalowa pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 2009, ya Denmark mu 2014. Kumeneko nyanja imaphwa nkudzazanso kawiri pa tsiku, ikaphwa mumayenda makilomita pamalo pomwe maola ochepa apitawo panali madzi, matope okhaokha otuwa, timitsinje ting'onoting'ono ndi timadambo totsalira. Ukangoona umati kuno kulibe chamoyo. Bodza. Mumatope mmenemo mwadzaza nyongolotsi, tinkhono, tinkhanu ndi ma shrimp, ndipo ndi mkomwe tiana ta plaice, flounder ndi sole ta ku North Sea timakulira.

Tsiku loyamba anandipatsa kaukonde kokankha ndi manja, kali ndi chitsulo kutsogolo chokwekwesa pansi, nkundiuza yenda mamita akutiakuti m'madzi ofika m'mawondo. Ine ndikuyang'ana pansi madzi oyera bwino, palibe nsomba olo imodzi, mumtima ndimati azunguwa akungonditayitsa nthawi ndi kuzizira konseku. Titakhuthula mu beseni, abale, tinsomba tokwana chikhadabo cha chala chachikulu, tina ngati ndalama yachitsulo, tophwatalala kale maso ali kale mbali imodzi, kutiika pa bolodi loyezera umachita kutinyamula ndi chala chonyowa poti timamatirira. Kamodzi ndinakasiya mu beseni momwe munali mchenga pang'ono pansi kuti ndione chomwe kachite. Kanatera, kanagwedeza zipsepse za m'mphepete zija mofulumira ngati kakunjenjemera, mchenga nkuuluka kugweranso pamsana pake, sekondi imodzi kapena ziwiri basi kasowa. Ndinagwada mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda madzi ndipo mpomwe ndinaona timaso tiwiri tatuluka pamwamba pa mchenga ngati timikanda, lina likuyang'ana ine lina likuyang'ana kwina, poti maso ake amayenda lililonse palokha. Mpaka lero ndikakumbuka ndimaseka ndekha.

Chomwe chinandizunguza mutu kwambiri ndi mmene timafikira kumeneko. Makolo ake saikira mazira kugombe ayi. Plaice zimakaikira kutali m'nyengo yozizira, cha m'ma December mpaka March, kum'mwera kwa North Sea ndi cha ku English Channel, mazira ake amayandama nkumatengeka ndi madzi, kuswa konko pakati pa nyanja. Nde kamwana kosakwana sentimita ndi theka, kopanda mphamvu zosambira mtunda wautali, kamafika bwanji kugombe? Kamakwera mafunde ngati basi. Madzi akamalowa kumtunda kamanyamuka pansi nkulowa m'madzi oyendawo kuti akatenge, akayamba kubwerera kamatsika nkukakamira pansi kuti asakabweze, kudikira ulendo wina. Tsiku ndi tsiku choncho mpaka kafika. Ndipo plaice zikuluzikulu nazo zimachita zomwezo popita koikira mazira ndi pobwerera, zimasankha mafunde opita komwe zikufuna.

Zikafika kugombeko moyo wake si wophweka. Ma shrimp otuwa aja amadya tiana ta plaice tomwe tangotera kumene tisanafike masentimita atatu, nkhanu nazo zimadya, kenako mbalame, kenako nyama za m'nyanja zotchedwa seal zikakula. Koma kakapulumuka nkukula zinthu zimatembenuka, ma shrimp omwewo nkukhala ndiwo zake. Palinso kachinyengo kena komwe ndinakakonda, tinkhono tina tokwiririka mumchenga timatulutsa kapaipi kopumira pamwamba, nde ka plaice kamabwera mwakachetechete nkudula nsonga ya kapaipiko basi, nkhonoyo siifa, kapaipi kamameranso, kadzadulidwenso tsiku lina. Ngati kusenga udzu woti umeranso.

Flounder yeniyeniyo yomwe mwafunsa a Chidwi, ngati ndi ya ku Ulaya, ndiye yolimba mtima kuposa zonse pankhani ya madzi. Plaice imafuna mchere wokwanira koma flounder imalowa m'matsiriro a mitsinje momwe madzi amchere asakanikirana ndi opanda mchere, nkukwera mtsinje mpaka kumadzi opanda mchere konse, mu Thames pakati pa London imapezeka. Imakonda matope kuposa miyala. Madzi akamadzaza imatsatira m'mphepete mwenimweni kukadya pamatope pomwe pangomira kumene, akamaphwa imabwerera m'ngalande. Koma ikakhwima imayenera kubwerera kunyanja yamchere kukaikira, chifukwa mazira ake amafuna madzi amchere kuti ayandame, yaikazi imodzi imatha kuikira mazira masauzande mazanamazana mpaka kuposa miliyoni. Zambiri zimakhala za masentimita 25 mpaka 30, zazikazi ndi zomwe zimakula kuposa zazimuna.

Ndipo poti ndati ndinaiponda, sindikunama. Tsiku lina ndikuyenda m'kangalande nditavala nsapato zopyapyala za labala, pansi pa phazi panangoti phiriphiri ngati nthaka yamoyo, ndinakuwa ndi kulumpha mpaka ukonde kuutaya, anzanga kuseka mpaka misozi. Kenako anandiuza kuti ku Palnackie ku Scotland anthu ankachita mpikisano weniweni wogwira flounder poziponda ndi mapazi opanda nsapato. Ine ndinati amenewo mitima yawo ndi ina.

Gologolo77

Chabwino ndagonja kkkkk za kulemera kwa madzi zija ndinangoganiza ndekha. Koma a Mlonda mwati mazira amafuna mchere kuti ayandame, nanga ku nyanja ya Baltic komwe amati madzi ake mchere ndi wochepa zimatha bwanji? Ndagwirani pamenepo.

Mlonda_wa_Mafunde

Simunandigwire akulu, mwangofunsa funso labwino. Ku Baltic kuli magulu awiri. Lina limapita m'maenje ozama momwe madzi amchere amakhazikika pansi poti ndi olemera, nkuikira mazira akuluko oyandama mmenemo. Linalo linasiya zoyandamazo, limaikira mazira ang'onoang'ono omira pamadzi osaya kugombe. Kwa nthawi yaitali anthu ankati ndi nsomba imodzi poti ukaziyang'ana sungasiyanitse, koma atayeza ma DNA anapeza kuti ndi mitundu iwiri, ndipo mu 2018 ya mazira omirayo anaipatsa dzina lakelake, Platichthys solemdali. Winter flounder ya kugombe la kum'mawa kwa Canada ndi America nayo mazira ake ndi omira ndipo amamatirira pansi, komanso m'magazi mwake muli mapuloteni oletsa magazi kuundana madzi akazizira kufika poti nsomba ina ikanauma gwa.

Nangondo_M

Ine ndabwera mochedwa koma palibe amene wanena bwino za kusintha mtundu, chomwe kwa ine ndi chachikulu kuposa diso loyendalo. A Chidwi mwati nsomba inasowa inu mukuyang'ana, china ndi mchenga womwe inadzikwirira koma china ndi khungu. Pakhungu la mbali ya pamwamba pali timaselo tokhala ndi utoto, wakuda, wachikasu, wofiirira ndi tina tonyezimira, utotowo ukamwazikana mu selo malowo amada, ukasonkhana pakati malowo amayera. Nde nsombayo imayang'ana pansi pomwe yatera nkukonza khungu kuti lifanane, osati mtundu wokha komanso kukula kwa mawanga, pamchenga wosalala timadontho ting'onoting'ono, pamiyala mawanga akuluakulu.

Anthu akhala akuyesa zimenezi kwa zaka zoposa 100, Francis Sumner analemba za izo mu 1911 ataika zojambula za mabokosi akuda ndi oyera pansi pa thanki. Mu 1996 V. S. Ramachandran ndi anzake anachita zofanana ndi flounder ya kumadzi otentha, Bothus ocellatus, nkupeza kuti imasintha m'masekondi awiri mpaka asanu ndi atatu basi. Bilimankhwe achepa. Za kumadzi ozizira zimachedwerapo. Ndipo chomwe chimatsimikiza kuti nkhani yagona pa maso nchoti nsomba yoti siikuona imalephera kufanana ndi pansi pomwe yagona, khungu palokha silidziwa kanthu, lamulo limachokera ku ubongo.

Koma si zonse zimadalira maso posaka chakudya ayi. Sole ya ku Ulaya masana imakhala yokwiririka, imatuluka usiku, timaso take ndi tating'ono, nde kumutu mbali ya pansi ija ili ndi tinthu ngati tindevu tofewa tambirimbiri tomwe imafufuzira nyongolotsi mumatope pokhudza ndi kununkhiza. Ndiye mbali yomwe timati yakhungu ija si yopanda ntchito. Palinso ka sole kena ka ku Red Sea, Pardachirus marmoratus, kamatulutsa madzi oyera ngati mkaka m'mphepete mwa zipsepse, Eugenie Clark m'ma 1970 anaonetsa kuti shaki ikafuna kukaluma imabwerera pakamwa pali yasa. Anthu anayesa kupanga mankhwala othamangitsa shaki kuchokera pamenepo koma amasungunuka msanga m'madzi.

Kadziwotche

Zonsezi nzabwino koma ine pali pomwe sindikumvetsa ndipo ndikufunsa moona mtima osati kufuna mkangano. Mukati nsomba zimenezi makolo ake akalekale anali a maso mbali zonse, ndiye kuti panali nthawi yomwe diso linali pakati panjira, silinafike uku silinatsale uko. Diso lotero lingathandize chani? Nsomba yotero sikanangodyedwa basi nkutha?

Anaphiri_Bio

A Kadziwotche funso lanulo ndi lakale kuposa tonsefe pano, St George Mivart anafunsa lomwelo mu 1871 potsutsa Darwin, ndipo Darwin anachita kuwonjezera yankho m'buku lake la On the Origin of Species litasindikizidwanso mu 1872, yankho lake silinali lamphamvu kwenikweni poti umboni panalibe. Kwa zaka zoposa 100 anthu ena ankati mwina zinangochitika kamodzi, nsomba imodzi kubadwa diso litasamuka kale.

Zinasintha mu 2008. Matt Friedman anatenga nsomba zouma m'miyala zomwe zinali m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ku Ulaya kwa zaka zambirimbiri anthu akungozidutsa, zina zochokera ku Monte Bolca ku Italy, za zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo, mayina ake Amphistium ndi Heteronectes. Ataziunika bwino anapeza kuti chigaza chake nchopotoka, diso limodzi lakwera kufika pafupi ndi pamwamba pa mutu koma silinawoloke, ndipo zinali nsomba zazikulu zokhwima osati tiana tomwe tinafa tili pakati posintha. Nde nsomba za diso la pakati panjira zinalipo ndipo zinkakhala moyo mpaka kukula. Maganizo omwe alipo ndi oti zinkadzitukula pang'ono ndi zipsepse kuti diso la pansilo lizionako, nde diso lokwera pang'ono limaposa diso loyang'ana mumchenga.

Ndipo simufunika miyala yokha, ilipo yamoyo lero. Psettodes, yomwe imapezeka ku Indian Ocean, kumadzulo kwa Pacific ndi ku West Africa, diso lake loyendalo limaima pamwamba penipeni pa mutu, ndipo mumtundu umodzi zamanja ndi zamanzere zimapezeka mofanana, ngati kuti sinasankhebe mbali. Greenland halibut nayo diso lili pamzere wa pamwamba pa mutu, mbali zonse ziwiri ndi zakuda ndipo imasaka m'madzi kutali ndi pansi.

Kadziwotche

Za zaka 50 miliyonizo ine ndizisiya kaye pambali kkkk koma ya Psettodes ndaisaka ndaiona, zoona diso lili pamphumi ngati tochi ya pamutu.

Mlonda_wa_Mafunde

Ndiwonjezere kamodzi poti a Nangondo anena za khungu. Nsomba zomwe amaweta m'mathanki monga turbot nthawi zina zimasokonekera posintha paja, ina kutuluka yoyera mbali ya pamwamba, ina yakuda mbali zonse, ina diso kuima panjira, ndipo zimakhudzana ndi chakudya chomwe tianato tinapatsidwa masabata oyambirira. Kunyanja yoyera pamsana siikhalitsa, mbalame imaiona patali.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ine ndi malo okulira aja. Nsomba yoti moyo wake wonse wagona pa mchenga ndi matope a m'mbali mwa nyanja ili pomwe anthu timakumba madoko, kutsira zonyansa za m'mafakitale ndi kukoka makoka. Kugwira sole ndi plaice amagwiritsa ntchito makoka okhala ndi chitsulo chopingasa ndi matcheni okwekwesa pansi kuti nsomba yokwiririka idzidzimuke ilowe, nde amatembenuza pansi ponse ndipo tiana ta plaice tambiri timakodwa nawo mu ukonde wa maso ang'onoang'ono wofunira sole. Nchifukwa chake mu 1989 anakhazikitsa dera lotchedwa Plaice Box m'mbali mwa Netherlands, Germany ndi Denmark loletsa zombo zikuluzikulu za makoka otere. Koma zotsatira zake sizinayende mmene ankayembekezera, madzi akhala akutentha ndipo plaice zazing'ono zinayamba kusunthira kozama kunja kwa dera lotetezedwalo, nsomba siwerenga mapu. Asodzi a ku Netherlands anayesanso makoka a magetsi oti azidzidzimutsa sole popanda matcheni, mkangano unali waukulu ndi asodzi a ku France ndi ena, mpaka European Union inaletseratu kuyambira mu July 2021. Kutenthaku kulinso ndi vuto lina lobisika, southern flounder ya kum'mwera chakum'mawa kwa America tiana take tikakulira m'madzi otentha kwambiri tambiri timasanduka tatimuna, nde mutha kukhala ndi nsomba zooneka zambiri koma zoikira mazira zochepa.

Zaka za nsombazi timawerenga pa timiyala ta m'khutu, mumutu muli timiyala toyera tomwe timakhala ndi mizere ngati ya mtengo wodulidwa, mzere uliwonse chaka. Ntchito yotopetsa maso kwambiri, ndinaigwira sabata imodzi ndinalota mizere.

Chidwi_Chambiri

Abale zikomo nonse, ndinabwera ndi funso limodzi ndikubwerera ndi mutu wodzaza. Vidiyo ija ndaionetsa mwana wa achemwali anga wa zaka zisanu ndi ziwiri nkumufotokozera za diso loyenda, wakhala chete kenako akuti nde pamene diso likuyendalo kansombako kamaona kumwamba ndi pansi nthawi imodzi, sikachita chizungulire? Ine ndasowa choyankha. Panopa wagona chammbali pa simenti akuyesa kundiyang'ana ndi maso onse awiri.

Nangondo_M

Kkkkk muuzeni kuti funso lakelo akuluakulu a sayansi analifufuza ndithu. Ziwalo za m'khutu zomwe zimauza nsomba kuti kumwamba ndi uku sizisamuka nawo, zimatsala mmene zinalili, nde ubongo ndi womwe umasintha kalumikizidwe kake ndi minofu ya maso kuti kugona chammbali kuzimveka ngati kuima bwino. Koma mudzutseni pasimentipo angadwale chimfine.